Biti ikutsetsereka, blade ikugwedera, fumbi silikukokeka: poyambira kufufuza mu shopu ya matabwa kuno ku Joni

Chitseko cha kabati chomwe chinandiphunzitsa kuyenda ndi vernier, kachida kopimira molondola mpaka kachigawo ka milimita, m'thumba ndidakachisungabe kuseri kwa benchi, mu galaja yomwe timachita lendi ku Turffontein. Chinali cha supawood ya mamilimita 16, bolodi lopangidwa ndi ufa wa matabwa ndi guluu. Mwana wa achemwali anga, amene anali atangofika kumene kuchokera ku Mangochi, ankadula kamsewu ndi router, makina amene amazungulitsa kampeni kotchedwa biti, kuti tilowetsemo galasi. Poyambira, kamsewuko kanali kozama mamilimita 6 monga tinapimira. Pofika kumapeto, biti inali itatulukira kuseri kwa thabwa n'kukanda benchi.

"Amalume, ine ndinamangatu ndi sipanala," anatero mnyamatayo, manja ali njenjenje.

Sananame. Nati inali yolimba moti ineyo ndinavutika kuimasula. Cholakwa chinali changa. Router ija ndinaigula yakale pa Facebook Marketplace, ndipo collet yake, kachitsulo kong'ambikang'ambika kamene kamaluma biti, inali ya kota inchi, omwe ndi mamilimita 6.35. Mabiti anga onse anali a mamilimita 6. Ndi maso simungasiyanitse. Koma router yaing'ono imazungulira mpaka ka 30,000 pa mphindi, ndipo kampata kameneko n'kokwanira kuti biti izisololoka pang'onopang'ono.

Mavuto ambiri a mtundu umenewu amachokera kumene zida zathu zimachokera. Mmalawi amene akupanga makabati kuno kawirikawiri sanagule zida zake tsiku limodzi, sitolo imodzi. Sowo anaigula ku Adendorff, ma blade ku Builders Warehouse kapena ku Leroy Merlin, router kumasitolo opinyolitsako katundu, mabiti anapatsidwa ndi bwana wina wa ku Randburg amene ankasesa galaja yake. Zina zinapangidwira msika wa ku Europe, kumene amapima ndi mamilimita, zina wa ku America, kumene amapima ndi mainchi. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, ndipo ka 0.4 kameneka ndi kamene kamatidyera ndalama. Choncho chitsulo chikakana kulowa, kapena chikalowa mosavuta kwambiri, siyani hamala, tengani vernier. Tepi siingaone theka la milimita.

Biti ya router ikatsetsereka kapena ikakanirira

Pimani tsinde la biti. Timakumana ndi a 6, 6.35, 8, 12 ndi 12.7. Awiri oyamba ndi awiri omaliza ndiwo amasokoneza. Biti yaing'ono mu collet yaikulu imasololoka ngati mmene zinatichitikira ife. Yaikulu mukaikakamiza mu collet yaing'ono imakanirira, ndipo collet imatanuka osabwereranso m'malo mwake. Kukulunga tsinde ndi tepi kapena kachidutswa ka chitini cha Coca-Cola, monga ndaonera ena akuchita, n'kusewera ndi maso anu. Gulani collet yoyenera, mtengo wake sufika pa wa bolodi limodzi la melamine, lokutidwa ndi khungu losalala lija la makabati.

Ngati miyezo ikugwirizana koma biti ikutsetserekabe, chotsani collet yonse muione. Utomoni wa paini umasakanikirana ndi fumbi n'kuuma m'ming'alu mwake. Tsukani ndi thinners ndi kaburashi ka mano kakale, ndipo musapakemo oyilo. Polowetsa biti, ikankheni mpaka pansi kenako muibweze ndi mamilimita 2 kapena 3. Ikagunda pansi, nati imaoneka ngati yalimba pamene collet sinalume bwino. Musamangenso nati mulibe biti, mumapinda collet.

Palinso kachinyengo kena. Pa ma router ambiri, mukamamasula, nati imafewa kenako n'kulimbanso. Anthu amaganiza kuti mazinga afa, n'kuyamba kukoka biti ndi pulayala. Pitirizani kumasula ndi sipanala, kulimba kwachiwiriko ndiye kuti nati ikukoka collet kuti isiye biti.

Blade ikagwedera, ikawotcha thabwa kapena ikanyenya melamine

Apa ndipamene ndimaona zoopsa zambiri. Bowo la pakati pa blade limabwera la mamilimita 16, 20, 25.4 kapena 30, ndipo masowo a ku America amakonda la 15.88. Blade ya bowo la 30 ikhoza kukwera pa sowo ya 20 kapena 25.4 mukaikamo kamphete kochepetsera bowo. Koma kampheteko kakhale kopyapyala kuposa blade. Kakanenepa, mawashala aakulu awiri aja amapana mphete m'malo mopana blade, ndiye blade imangozungulira momasuka. Mumamva kulira kwachilendo, thabwa n'kutuluka lili ndi mizere. Ndinaonapo wina ataika blade ya 25.4 pa shafiti ya 25. Inalowa bwinobwino, koma inkazungulira ngati tayala la njinga lopindika.

Bowo likakhala lolondola, masulani blade mupukute mawashala. Kachidutswa kamodzi ka utuchi pakati pa washala ndi blade n'kokwanira kupendeketsa mano onse. Pomasula, kumbukirani kuti bawuti ya blade imamasukira mbali imene blade imazungulira. Pa masowo ambiri odulira makona mazinga ake ndi amanzere, ndipo anyamata ambiri adula mitu ya mabawuti akulimbitsa pamene amayesa akumasula.

Thabwa likamapsa mbali imodzi yokha, makamaka kumapeto kwa blade, fensi, chitsulo chimene thabwa limatsamira podula pa sowo ya patebulo, yapendekeka ndipo ikupanikizira thabwa ku mano akumbuyo. Zimitsani, zulani pulagi, sankhani dzino limodzi muliike chizindikiro ndi cholembera. Pimani kuchokera pa dzinolo kufika pa fensi lili kutsogolo, kenako lizungulitseni lipite kumbuyo mupimenso. Miyezo iwiriyo ifanane, kapena yakumbuyo ipose pang'ono kwambiri. Yakumbuyo ikachepa, tsiku lina thabwa lidzakubwererani pamimba. Kachitsulo kopindika kamene kamaima kuseri kwa blade kamaletsa zimenezi, ndipo ambiri timakachotsa poti kakutisokoneza. Nthawi zambiri kamasokoneza chifukwa taika blade yopyapyala kwambiri, msewu umene mano akudula n'kuchepera kachitsuloko. Sinthani blade, kachitsulo kabwerere.

Kunyenya kwa melamine nkhani yake ndi mano. Blade ya mano 24 ndi yong'ambira paini ndi bulugamu, amene kuno amamutcha saligna. Melamine imafuna mano 60 kapena 80 pa blade ya mamilimita 250, akuthwa. Ine mabolodi aakulu a 2750 kwa 1830 ndimadulitsa komwe ndagula, sowo yanga imangokonza zotsala.

Chimodzi ndinene mosapsatira. Blade ya matabwa isakwere pa grinder. Bowo la grinder ndi 22.23, ndipo ena amapala kapena kuika mphete kuti ikwane. Grinder yaing'ono imazungulira pafupifupi ka 11,000 pa mphindi, kuwirikiza kawiri sowo yapamanja, ndipo ilibe choitchinga ikagwidwa m'thabwa. Imalumphira kumene kuli dzanja ndi nkhope.

Makabati akakana kukumana

Ma runner, tinjanji timene dirowa imayendapo, akakhala a timipira tachitsulo amafuna mpata wa mamilimita 12.7 mbali iliyonse, theka la inchi lija labweranso. Dirowa ichepe ndi 26 poyerekeza ndi mkati mwa kabati. Mukachotsa 24 poganiza kuti ndi 12 ndi 12, dirowa imalowa mochita kukankha ndi bondo. Polemba mndandanda wokadulitsa, musaiwale edging, kalamba komata m'mphepete mwa bolodi. Ya mamilimita 2 mbali ziwiri yawonjezera 4, zitseko n'kumagundana pakati.

Mahinjesi a makabati amafuna bowo la 35, lozama pafupifupi 12. Bolodi la kuno ndi la 16, ndiye kansonga ka pakati pa biti kamatha kutulukira kumaso kwa chitseko. Kapaleni kafupike, ndipo yesani kaye pa chidutswa. Plywood yolembedwa 18 nthawi zambiri imakhala yochepera pang'ono, choncho kamsewu kake kadulidwe motsatira chimene vernier yanena.

Thabwa lenileni lili ndi khalidwe lake. Mlombwa, umene kuno amati kiaat, kaya paini, umatupa nthawi ya mvula kuyambira October mpaka March, n'kufota m'chisanu chouma cha June ndi July. Chitseko chimene munachipala mothinana mu July chidzakana kutsekeka mu January. Matabwa ochokera kunyanja, monga ku Durban, agone kaye mu shopu milungu iwiri asanadulidwe.

Tsopano fumbi

Kumudzi tinkapala ndi puleni pansi pa mtengo wa mango, mphepo n'kumatithandiza. Kuno tili mu galaja ya chitseko chimodzi, m'chisanu n'kutsekanso chitsekocho, tikudula supawood. Fumbi lake ndi ufa weniweni wosakanikirana ndi guluu wokhala ndi formaldehyde. Bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linaika fumbi la matabwa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mu 1995, makamaka khansa ya m'mphuno. Ife a ku Malawi sitifunika kuuzidwa zambiri za fumbi la ku Joni. Ambiri tinakula tikuona agogo amene anabwerako ku migodi ya Wenela ali ndi wailesi, jekete ndi chifuwa chosatha. Lawo linali fumbi la miyala, lathu ndi la matabwa, koma mapapo ndi omwewo.

Kuti muone kukula kwa vuto mu shopu yanu, dikirani kude, dulani bolodi limodzi, zimitsani magetsi muyatse tochi ya foni chopingasa. Ndinachita zimenezi koyamba nditangogula makina okoka utuchi, ndikunyada kuti pansi payera. Kuwala kwa tochi kunali ngati kwa galimoto m'chifunga cha pa Dedza. Patapita theka la ola fumbilo linali likuyandamabe. Limene mumasesa pansi si limene limavulaza. Loopsa ndi losapitirira ma micron 10 (milimita imodzi ndi ma micron 1,000), limene maso saliona masana.

Choyamba dziwani kuti makina okoka fumbi alipo a mitundu iwiri, ndipo salowana m'malo. Vacuum imakoka mwamphamvu koma mpweya wochepa, kudzera m'paipi yopyapyala ya 27, 32 kapena 36. Ndi ya sander, router ndi sowo yapamanja. Extractor ya matumba awiri imakoka mpweya wochuluka koma mopanda liwuma, kudzera m'paipi ya 100. Ndi ya makina opalira matabwa ndi sowo ya patebulo. Dandaulo limene ndimamva kawirikawiri ndi lakuti, "Achimwene, ndagula extractor yaikulu koma sikukoka kanthu pa sander." Siingakoke. Mukachepetsa paipi kuchoka pa 100 kufika pa 50, njira ya mpweya imatsala gawo limodzi mwa magawo 4, osati theka, ndipo extractor ilibe mphamvu yokankhira mpweya pa kabowo kotero. Mukatembenuza, kuika vacuum pa makina opalira, paipi imatsekeka musanamalize thabwa loyamba.

Ngati makina ndi oyenera koma kukoka kwafooka, yambani kumapeto kumene mpweya umatulukira, chifukwa mpweya umene sukutuluka sungalowenso. Chotsani paipi yonse, yatsani makina, ikani dzanja pakamwa pake. Pakakhala pofooka pomwepo, sefa yatsekeka. Fumbi la supawood limamata sefa ya vacuum tsiku limodzi lokha. Kaigogodeni panja, mphepo ikuchokera kumsana kwanu, mutavala masiki. Sefa ya pepala musaichape pokhapokha italembedwa kuti ndi yochapika. Pa extractor, yang'ananinso pakamwa pomwe. Pamakhala timipiringidzo totchinga kuti zidutswa zisafike ku fani, ndipo mapalepale aataliatali a paini wamuwisi amakoledwa pamenepo n'kupanga chisa.

Pakamwa pakakoka bwino, vuto lili m'njira. Lumikizani chidutswa chimodzichimodzi mpaka mupeze pamene mphamvu yathera. Kachidutswa ka tishu kamakuuzani pamene pakudontha, kamamatirira pamfundopo. Paipi yofewa ya mizeremizere ija imadya mphamvu kuposa yosalala, choncho ikhale yaifupi, yongokwanira kufika pa makina. Ine ndinali ndi ya mamita 6 itadzipinda pansi ngati nsato, nditaidula n'kutsala mamita 2 ndinayesa ndagula makina atsopano. Pokhota, makona awiri a 45 amaposa imodzi ya 90, ndipo pogawa njira ikani ya Y osati ya T. Mpweya uyenera kuthamanga pafupifupi mamita 20 pa sekondi kuti utuchi usagone m'paipi, ndiye tsekani nthambi zonse kupatula ya makina amene mukugwiritsa ntchito. Extractor yaing'ono siingatumikire makina awiri nthawi imodzi.

Amene mumagwira ntchito m'mafakitale a ku Denver, Booysens kapena Wynberg, kumene kuli magetsi a three-phase, pali china. Makina akasamutsidwa kapena mawaya akakonzedwa, fani ikhoza kuyamba kuzungulira chobwerera. Imakokabe, koma mofooka, ndiye anthu amatha mwezi akusintha masefa. Onani muvi umene uli pa chivundikiro cha mota, ndipo ngati zikusemphana, itanani wa zamagetsi asinthanitse mawaya awiri.

Musadabwenso ngati makina sakufika pa mphamvu yolembedwa pa bokosi. Johannesburg ili pamwamba mamita pafupifupi 1,750, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka ndi gawo limodzi mwa magawo 6 poyerekeza ndi wa m'mphepete mwa nyanja. Fani imakoka mocheperako ndipo mota imachedwa kuzizira. Apa palibe chokonza, kungoti musadyenso mphamvu yotsalayo ndi mapaipi ataliatali.

Mapaipi osalumikizana

Kampani iliyonse ili ndi muyezo wake wa potulukira fumbi. Makita, Bosch ndi Ryobi sanagwirizanepo pa nkhani imeneyi, ndipo ena amapima kunja kwa paipi, ena mkati. Mapaipi a PVC a madzi oipa, a 40, 50 ndi 110, amapimidwa kunja, pamene paipi yofewa ya 100 imapimidwa mkati, ndipo ya mainchi 4 ndi 101.6. Musanapite kusitolo pimani mbali zonse ziwiri, kunja ndi mkati, mulembe. Ine miyezoyo ndinailemba ndi cholembera chosafufutika pa makina aliwonse.

Zolumikizira zambiri ndimapanga ndekha. Dulani PVC ya masentimita 10, itenthetseni ndi heat gun mukuizungulitsa mpaka ifewe ngati chikopa, muikankhire pa makina, muisiye izizire pomwepo. Chitani zimenezi panja ndipo isapse, utsi wa PVC ndi poizoni. Pamene mpata ndi waung'ono, malegeni a chubu cha njinga amagwira bwino kuposa tepi, imene imamatuka fumbi likangoilowa. Kulungani kawiri kapena katatu, paipi ilowe mothinana.

Thumba likamafuka, ndowa ikamafwamphuka, paipi ikamaluma

Thumba lapamwamba limene limabwera ndi ma extractor otchipa nthawi zambiri limagwira fumbi la ma micron 30 kupita m'mwamba. Loopsa lija limadutsa, makina n'kumalimwaza shopu yonse kufika pa msinkhu wa mphuno. Mukaona kamtambo poyatsa, ndi zimenezo. Njira ndi ziwiri, kugula sefa ya micron 1 kapena kutulutsa makinawo panja pa kakhumbi, paipi yokha n'kulowa mkati. Ife tinasankha yachiwiri, titayamba takambirana ndi mayi a nyumba yoyandikana nafe, amene amayanika zovala mbali yomweyo. Pa ma vacuum, onani chilembo. Pali L, M ndi H, ndipo yoyenera fumbi la matabwa ndi M.

Cyclone, kachipangizo kooneka ngati fanulo kamene kamakhala pa ndowa vacuum isanafike, ndi chinthu chimene sindinong'oneza nacho bondo. Utuchi wambiri umagwera mu ndowa, sefa n'kukhala milungu isanatsekeke. Ikasiya kulekanitsa, mpweya ukulowa pa chivundikiro cha ndowa, ikanipo mphira. Ndowa ya penti ya malita 20 imafwamphuka paipi ikatsekeka. Lowetsani ndowa ina mkati mwake, kapena mudule mphete ya plywood yoichirikiza.

M'chisanu paipi imaluma ngati magetsi. Mpweya wa kuno umauma kwambiri, fumbi likamakhula pulasitiki limapanga mphamvu imeneyi. Siipha, koma kudzidzimuka dzanja lili pafupi ndi blade n'kumene kumavulaza. Kulungani waya wa kopa wopanda chikopa kunja kwa paipi, mulumikize ku chitsulo cha makina. Moto weniweni umachokera kwina, kukoka nthethe za grinder kapena ndudu kulowa m'thumba la utuchi. Umanyeka mwakachetechete n'kudzayaka usiku mutapita. Zitsulo zidulidwire kutali, ndipo thumba likhuthulidwe musanaweruke.

Magetsi akamathima mukayatsa sowo ndi vacuum, werengani. Sowo ya mawati 2,000 ndi vacuum ya 1,400 pa mavoti 230 zikukoka pafupifupi ma amp 15, pafupi ndi malire a pulagi imodzi, ndipo poyamba kuzungulira mota imakoka kuposa apo. Yatsani vacuum kaye, idzuke bwino, kenako sowo. Waya wowonjezera akhale wonenepa, wa 2.5 mm², womasulidwa yense pa gudumu lake, chifukwa wokulungidwa amatentha. Pa jenereta, monga tinavutikira ndi load shedding ya Eskom mu 2023, muziyatsabe imodziimodzi, koma yambani ndi mota yaikulu.

Ngakhale zonsezi zitakhala bwino, sander ndi sowo yodulira makona zimathawitsabe fumbi. Masiki ikhale ya FFP2, yothina pamphuno. Yansalu ija tinkavala nthawi ya Covid siigwira fumbi limeneli, ndipo ndevu zimatsegula mpata m'mbali. Chizolowezi chodzipemerera ndi kompuresa poweruka chisiyeni, mumangodzutsa fumbi lonse la tsikulo n'kulipuma. Kokani zovala ndi vacuum, pansi muwaze madzi musanasese.

Utuchi umene mwasonkhanitsawo muusiyanitse. Wa paini ndi saligna pali mayi ena a ku Orange Farm amene amadzatenga Loweruka lililonse kukayala m'khola la nkhuku, ndipo nthawi zina amatisiyira mazira. Wa supawood, melamine ndi matabwa obiriwira onyikidwa m'mankhwala a CCA, omwe muli arsenic, usapite ku nkhuku kapena kumunda, ndipo zidutswa zake zisalowe mu mbaula kapena pa moto wowotchera nyama, ngakhale chisanu cha July chitavuta bwanji. Umenewo timaumanga m'matumba akuda awiriawiri kuti usaphulike anyamata a Pikitup akamaponya m'galimoto.